Zithunzi zakale zamatirira ku galasi, ndizichotse bwanji?

Anzanga opuma pantchito amene mumasunga zithunzi za banja pa kompyuta, ndigawireniko nzeru. Zithunzi zina za m'ma 1970 zinalowa chinyezi n'kumatirira ku galasi la fulemu. Ukangokoka pang'ono, khungu lapamwamba lomwe lili ndi nkhope limatsalira pagalasi, ndiye zopala ndi lezala ayi ndithu. Kuchita sikani zili pagalasi pomwepo pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse) kukutheka, koma nkhope zikutuluka mbuu chifukwa galasilo likutalikitsa pepala.

Ena amati kuviika m'madzi ozizira oyera kumafewetsa. Kwa mphindi zingati? Nanga zithunzi zamitundu, utoto wake susungunuka? China, pensulo ya 2B ikukana kulemba kumbuyo kwa mapepala oterera a zithunzizi. Inu mayina a makolo mumalemba ndi chiyani kuti adzukulu adzawadziwe?