Smallmouth bass mumtsinje wa Breede: zikulondola nyambo koma osagwira

Mlendo_wa_ku_Robertson

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuwedza nsomba za smallmouth bass mumtsinje wa Breede, kufupi ndi tauni ya Robertson ku South Africa, ndi ndodo ya fly fishing (kuwedza ndi nyambo yopanga yopepuka, yoponyedwa ndi kulemera kwa chingwe) ya 5 weight (nambala ikakula, ndodo imakhala yamphamvu), chingwe choyandama ndi tippet (kachingwe kakumapeto komangirako nyambo) ya 4X (nambala ya X ikakula, kachingweko kamapyapyala). Nyambo yanga ndi Woolly Bugger yakuda, nyambo ya nthenga yomira m'madzi. Nsomba zimailondola mpaka pafupi kenako n'kubwerera, ndipo yomwe yagwira imapulumuka ikangodumpha. Vuto ndi zida kapena kawedzedwe? Nanga miyezi yabwino kuno ndi iti?

Kankhanu

Zonse ziwiri, achimwene, koma yambani ndi dzanja. Nsomba ikagwira musakweze ndodo m'mwamba ngati mukuwedza trout. Ndodo ya 5 weight ndi yofewa, imangopindika, mbedza osalowa, chifukwa kamwa ya bass ndi yolimba. Nsonga ya ndodo ikhale pansi, pafupi kugunda madzi, italoza kumene kuli nyambo. Mukamva kugunda, kokani chingwe mwamphamvu ndi dzanja lomwe mumakokera, pafupifupi theka la mita, ndipo mukweze ndodo pokhapokha mutamva kulemera kwa nsomba. Ubwino wina ndi wakuti ikaphonya, nyambo imakhala idakali pamphuno pake, ndiye imatha kugwiranso. Ikamadumpha, pendeketsani ndodo cham'mbali ndipo chingwe chisakhwepe.

4X ndi yopyapyala kwambiri pa ntchito iyi. Ikani leader (chingwe choonekera cholumikiza chingwe chachikulu ndi nyambo) ya 7.5 kapena 9 ft (mapazi) yothera pa 1X kapena 2X. Mangani nyambo ndi mfundo yosiya kalupu kakang'ono kuti izivina momasuka. Mbedza muziinola: ikagunda miyala kangapo nsonga imabuntha. Iyeseni pachikhadabo, ikamaterereka ndiye kuti yatha.

Ndodo yanuyo igwira ntchito ndi nyambo za size 6 mpaka 8 (kukula kwa mbedza: nambala ikakula, mbedza imachepa). Mukadzagula ina, tengani 6 kapena 7 weight ya 9 ft, makamaka chifukwa cha mphepo ya southeaster yomwe imavuta kuno nthawi yotentha.

Mai_a_Thoko

Zakulondola n'kubwererazo zimachitika kawirikawiri chifukwa nyambo ikuyenda liwiro limodzi, komanso ili pamwamba kwambiri. Kansomba kamoyo sikasambira choncho. Kokani kawiri kapena katatu mwachidule, masentimita 15 mpaka 20, kenako imani masekondi awiri. Zambiri zimagwira nthawi yoimayo, nyambo ikamamira. Mukaona nsomba ili pambuyo, musachepetse liwiro pang'onopang'ono ayi: kokani kamodzi mwamsanga ngati kansomba kothawa, kenako imani.

Onjezani Clouser Minnow (nyambo yofanana ndi kansomba) ya size 4, yoyera ndi yobiriwira mowala. Bob Clouser anaipangira nsomba yomweyi pamtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania. Timaso take tachitsulo timaipangitsa kumira msanga ndiponso timaitembenuza kuti nsonga ya mbedza iloze kumwamba, choncho sikodwa pamiyala kawirikawiri. Poponya tsegulani lupu ya chingwe ndipo ndodo ipendekere kumbali, chifukwa timasoto tikamenya ndodo timasiya ming'alu, ndodo n'kudzathyoka tsiku lina pa nsomba.

Chinthu chomwe anthu owerenga za ku America amaphonya: kumeneko bass imadya kwambiri crayfish (tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu), pamene m'mitsinje ya kuno chakudya chachikulu pansi pamiyala ndi nkhanu. Woolly Bugger yofiirira kapena ya olive, yolemera, yokwawitsidwa pansi penipeni, imafanana nazo. Ponyani modutsa mtsinje, chakumtunda pang'ono, tembenuzirani chingwe kumtunda kamodzi kuti madzi asachikoke, werengani mpaka 5 kapena 8, kenako yambani kukoka. Ngati simukugunda mwala ngakhale kamodzi pa maulendo khumi, nyambo sikufika pomwe pali nsomba. Pa dziwe lopitirira mamita awiri, ikani sink tip (chidutswa cha chingwe chomira cholumikiza kunsonga kwa chingwe choyandama) ndi leader yaifupi ya mita imodzi ndi theka. Leader yaitali imayandamitsa nyambo pomwe chingwe chamira.

Malo ake: kumbuyo kwa miyala ikuluikulu, pamzere pomwe madzi othamanga akumana ndi odekha, kumutu kwa dziwe, ndi pansi pa mitengo yogwera m'madzi. Pamchenga poyera musatayepo nthawi.

Tombolombo

Pa tippet ndisiyana pang'ono ndi a Kankhanu. Mu Januwale ndi Febuluwale madzi akaphwa n'kuyera, 3X ya fluorocarbon (mtundu wa chingwe chosaoneka bwino m'madzi) ndi leader ya 10 ft zimathandiza pa nyambo zomira. Koma pa popper (nyambo yoyandama yochita phokoso pamwamba pa madzi) bwererani ku 1X ya nayiloni: fluorocarbon imamira n'kukokera mutu wa popper pansi, ndipo tippet yopyapyala imapotana poponya.

Za miyezi, chigawo chathu chino cha Western Cape chimalandira mvula nthawi yozizira, ndiye kuyambira Juni mpaka Ogasiti mtsinje umakhala wodzaza, wamatope ndi wozizira. Madzi akatsika pansi pa madigiri 10 Celsius nsombazi zimachita ulesi. Zimaikira mazira madzi akafika cha pa 15 mpaka 18, cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo zimadya bwino pakati pa 18 ndi 24. Gulani kachoyezera kutentha kwa madzi, kamanena zambiri kuposa kalendala.

Popper ya size 6 ndi ya mbandakucha ndi chisisira. Ikagwa pamadzi isiyeni mpaka mafunde onse athe, ndiye muigwedeze kamodzi. Nsomba ikaphulika pamwamba, dikirani itembenuke kaye. Mukafulumira mumaichotsa nyambo m'kamwa.

Kankhanu

Pa 3X m'madzi oyera ndavomera, bola muziyang'ana tippet ikakhula pamiyala n'kudula gawo lokalikalo.

Ndiwonjezere za malamulo. Tengani laisensi ya CapeNature (bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe ku Western Cape) yowedzera m'madzi opanda mchere, ndipo pemphani mwini famu musanadutse, poti magombe ambiri a Breede ali m'minda ya eni. Chachikulu, musanyamule bass yamoyo kukaiika mumtsinje kapena damu lina. Nsombayi inachokera ku America mu 1937 ndipo yatha tinsomba tambiri tachilengedwe ta kuno, monga redfin. Ku Cederberg, mu 2012 ndi 2013, anachita kuthira mankhwala a rotenone pa makilomita pafupifupi 4 a mtsinje wa Rondegat kuti aichotse, tinsomba ta komweko tibwerere.

Mlendo_wa_ku_Robertson

Zikomo kwambiri nonse. Mai a Thoko, sink tip yoyenera ndodo ya 5 weight ndi yotalika bwanji?

Mai_a_Thoko

Ya 5 ft yolumikiza ndi lupu ikukwanirani, achimwene. Ya 10 ft imavuta kuizula m'madzi ndi ndodo yofewa chotero. Musanaponyenso, chitani roll cast (kugubuduza chingwe pamadzi kupita kutsogolo osachiponya kumbuyo) kamodzi kuti ifike pamwamba.