R3,200 yasowa, tsiku logawana layandikira

Lolemba m'mawa

Achisale (mlembi): Mwadzuka bwanji nonse. Dzulo ambiri simunaoneke kumsonkhano, ena munapita ku Cathedral ku Berea ku chaka cha Khristu Mfumu, ndiye ndilembe pano. Tinawerengera mabuku a banki m'khonde yathu ya kuno ku Joni pokonzekera kugawana pa 14 Disembala. Za m'kaundula ndi za mu akaunti sizikugwirizana, paperewera R3,200. Sindikuloza munthu chala, ndangonena zomwe cholembera chapeza.

Ambewe: R3,200 yamera miyendo? Msungichuma ali pagulupu pano, ayankhe.

Mai a Tadala: Ine tikiti ya basi ndagula kale ya pa 16, ndikudalira masheya angawo pa katundu wa ana. Chonde tisaseweretsane.

Ambewe: Nabanda, timizere tabuluu taoneka, uthenga mwawerenga.

Nabanda (msungichuma): Ndili m'takisi, ndikafika kuntchito ndilemba zonse. Palibe wadya ndalama.

Lolemba masana

Nabanda (msungichuma): Madamu atuluka, tsopano ndifotokoze. Mukukumbukira kuti 6 Julaye chaka chino inagwa Lamulungu, ndipo abambo mfumu anatipatsa nthawi ya masana kuti tichite Misa yathu ya Chichewa yopempherera dziko. Mphakati wathu, kagulu kathu ka akhristu oyandikana, ndi umene unapatsidwa zophika ndiponso kuvala nsalu zofanana pa mdipiti wa zopereka. Thumba la mphakati linali gwa, tinali titangothera pa maliro aja a ku Turffontein. Kumapeto kwa Juni ndinaimbira a tcheya, iwo anati tengani za banki, zibwerera Misa ikangotha. Ndinatenga R6,000. Pa R3,600 ndinaitanitsa nsalu 24 kumudzi, iliyonse inafika pa R150 kuphatikiza ya wabasi amene anazitula ku Park Station. R2,400 inapita ku ufa, mpunga, nkhuku, kabichi wa ku City Deep ndi zakumwa. Marisiti ndili nawo.

Nabanda (msungichuma): Nsalu tinagwirizana kugulitsa R200. Zalipiridwa ndi 14, ndiye R2,800, ndinaibwezera mu akaunti kumayambiriro kwa Seputembala. Nsalu 10 anthu anatenga pangongole, ndiye R2,000. Za chakudya tinkadalira mbale yachiwiri ya tsikulo. Ine sindinkadziwa kuti ndalama ikangogwa m'mbale m'tchalitchi yakhala ya parishi, komiti ya zachuma imawerenga, kulemba, n'kukaika kubanki Lolemba. Titakafunsa anatiyankha mwaulemu kuti tikanapempha Misa isanachitike. Ndiye pamenepo pali dzenje la R1,200, ngakhale onse a nsalu atalipira.

Ambewe: Ndiye kuyambira Juni mpaka lero kukhala chete? Lamulungu lililonse timakhala nanu m'holo muja Misa yachiwiri ikatha, mukuwerenga lipoti, "zonse zili bwino." Zinali bwino pati?

Aphiri (tcheya): Abale, ndi zoona foni ndinalandira ndipo ndinavomera. Ndinkaona ngati ndi za masabata awiri basi. Banki iyi inabadwira mumphakati, tonse tikudziwa, ndiye sindinaone ngati ndikupereka kwa alendo.

Angozo: Pepani a tcheya, "tonse" ake ati? Ine ndine wa CCAP, ndinalowa banki iyi chifukwa mlamu wanga anandiitana, ndipo munandilandira ndi manja awiri. Malamulo amene ndinasainira akuti ndalama imatuluka pamsonkhano, anthu akuona, wobwereka asaine ndi mboni yake. Za mphakati mulibemo.

Mai a Amina: Nanenso ndinene. Ine Misa sindinapiteko, nsalu sindinavale, nkhuku zanuzo sindinadye, sindikudziwa n'komwe anazinga ndani. Ndimachoka ku Mayfair matakisi awiri Lamulungu lililonse kudzaponya masheya, n'kumadikira panja mpaka mumalize kuimba. Za tchalitchi chanu ndimazilemekeza, koma musandisonkhetse ndili kutulo.

Agogo Nankhoma: Ana anga, tsitsani mitima. Ndalamayi sinapite kumowa, inapita ku ntchito ya Mulungu. Tsiku lija anthu analira ndi chimwemwe kumva Ambuye Mutichitire Chisoni m'chilankhulo chawo, ena zaka zisanu asanamveko. Ife a ku Lilongwe timati limana, inu a kummwera mphakati, koma ndi banja limodzi. Adventi ikuyamba Lamulungu likudzali, tiyeni tikhululukirane.

Angozo: Agogo, ndimakulemekezani ngati mai anga, ndiye ndikuuzeni za mai angawo. Mu Ogasiti anagonekedwa kuchipatala kwathu ku Ntcheu. Ndinabwera m'holo muja, ndinapempha ngongole ya R3,000, masheya anga ankalola. Ndinauzidwa kuti ndalama zatha, anthu abwereka zonse. Ndinakhulupirira. Usiku womwewo ndinapita kwa mashonisa, wakatapila wa ku Rosettenville, ndinasiya pasipoti ngati chikole. Patatha mwezi ndinabweza R3,900. Kukanakhala kuno ndikanabweza R3,300, ndipo R300 yapamwambayo ikanabwerera kwa tonsefe. Masabata anayi ndinayenda mu Joni muno wopanda pasipoti, ndikaona galimoto ya apolisi mtima phaa. Lero ndikumva kuti ndalama zinalipo, koma zinali zitavalidwa m'chiuno.

Mai a Tadala: Eee. Izi ndiye sitimadziwa.

Nabanda (msungichuma): Angozo, ndilibe mawu. Tsiku limene lija ndinafuna kunena koma manyazi anandigwira pakhosi.

Amwale a kwaya: Ndiloleni ndiikepo langa, ngakhale nsima ya tsikulo ndinadya mbale ziwiri. Agogo, mwezi wa Febuluwale timaimba za Wodala Benedict Daswa wa ku Limpopo. Munthu uja anaphedwa mu 1990 atakana kusonkha R5 yokha, chifukwa inali yokaombeza ula ndipo mtima wake sunavomere. Tsono ife eni ake a Daswa tatenga za Angozo ndi Mai a Amina osawapatsa ngakhale mpata wokana.

Agogo Nankhoma: Amwale, musafanizire Misa ndi zakwasing'anga.

Amwale a kwaya: Sindikufanizira Misa agogo, ndikunena za kufunsa mwini ndalama.

Ambewe: Tisazungulire. Iyi ndi ngongole ngati ina iliyonse. R6,000 pa 10 peresenti ndi R600 pamwezi, miyezi isanu R3,000. Nabanda abweze R3,200 ndi R3,000 yachiwongoladzanja, apo ayi tidula pa masheya awo. Ine mu Meyi ndinachedwa sabata imodzi yokha, munandilipiritsa chindapusa cha R50 ndili ndi malungo.

Achisale (mlembi): Samu yanu yakwera Ambewe. R6,000 yonse inakhala kunja Julaye ndi Ogasiti, ndiye R1,200. Itabwera R2,800 ija panatsala R3,200, pamwezi R320, miyezi itatu R960. Zonse pamodzi R2,160. Tilipo 18, ndiye tikanati tigawane mofanana aliyense wataya R120, koma mukudziwa timagawana potengera masheya.

Ambewe: Kaya R2,160, ibwere.

Mai a Tadala: Ibwere kuchokera kwa ndani? Nabanda sanagule nazo ndiwo zakunyumba kwawo. Amene anati "tengani" ali phee.

Amwale a kwaya: Khoswe wakhala pamkhate.

Aphiri (tcheya): Sindinathawe, ndili pa sikafodi, foni ndimagwira ndi dzanja limodzi. Ndilemba madzulo.

Mai a Amina: Podikira a tcheya, a mlembi tiuzeni nsalu 10 zija zili kwa ndani. Anthu akhoza kukhala akukuwa pano ndalama ili m'sutikesi mwawo.

Achisale (mlembi): Nabanda anditumizira tsamba lake. Nsalu 7 zili m'nyumba za mamembala a banki ino, maina ndatumiza kwa eni ake paokha kuti tisachititsane manyazi. Nsalu 3 zili kwa amayi a mumphakati amene si a banki.

Ambewe: Manyazi a chiyani? Aikeni pano mainawo, mbava zidziwike.

Achisale (mlembi): Ambewe, taonani kaye ku inbox kwanu.

Mai a Tadala: Kikikiki ndafa ine.

Ambewe: Za nsalu za mai akunyumba ine sindimazidziwa. Sanandiuze.

Nabanda (msungichuma): Anatenga ziwiri, ina yotumiza kwa apongozi anu. Anati bambo akalandira adzapereka.

Amwale a kwaya: Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu.

Ambewe: Amwale samalani pakamwa, nkhani ya chiwongoladzanja sinathe.

Lolemba usiku

Aphiri (tcheya): Ndaweruka. Choyamba, Angozo, ndapalamula kwa inu kuposa kwa wina aliyense, pepani kwambiri. Mai a Amina, pepani. Ndaganizira m'takisi monse kuti zinatheka bwanji. Kumudzi bokosi la banki limakhala ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu, msungichuma amasunga bokosi koma sangalitsegule yekha. Kuno tinaopa kuyenda ndi bokosi m'matakisi, ndipo tinachita bwino kuopa, mukukumbukira zinachitikira gulu lija la ku Yeoville. Tinaika zonse mu akaunti ya munthu mmodzi chifukwa ambirife mapepala otsegulira akaunti ya gulu tilibe. Maloko atatu aja anasanduka foni imodzi pakati pa ine ndi Nabanda. Ndiponso nkhope zomwe zimakhala pa kolona Lachinayi ndi zomwezo zimakhala pa banki Lamulungu, m'holo ya tchalitchi, ndiye m'mutu mwanga matumba awiriwa anasakanikirana. Sindikudziikira kumbuyo, ndikungonena momwe ndinagwera.

Aphiri (tcheya): Maganizo anga ndi awa. R600 imene Angozo anapitirira nayo kwa mashonisa ndibweza ine ndekha, Lachisanu ndikalandira, isadutse m'kaundula. R1,200 ya chakudya ndi ngongole ya mphakati, ndikaipereka Lachinayi kumapemphero kwa Agogo kuti amene tinadya tisonkhe. Yomwe iperewere mudule pa masheya anga.

Nabanda (msungichuma): Pa R600 ya Angozo ine ndiikapo R200. Amene ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti zatha ndine.

Angozo: Ndamva, ndipo ndalandira. Koma ndinene poyera kuti chaka chamawa ndikhala m'banki ino pokhapokha uthenga wa akaunti uzifika pa mafoni atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo asakhale wa mphakati. Komanso sitetimenti izionetsedwa Lamulungu lililonse, osati kungowerenga za m'kope.

Mai a Amina: Foni yachitatuyo ikhale yanga. Ine abambo mfumu sangandipemphe kanthu.

Agogo Nankhoma: Lachinayi bwerani nonse, 7 koloko, ndipo musabwere ndi kolona yokha. Koma pa atatu a kunja aja, mmodzi musamuwerengere. Ndi mtsikana uja ankatsogolera ana ovina pa Misa, anamugwira mu Okutobala, ali ku Lindela, kosungira ogwidwa opanda mapepala, kudikira basi yomubweza kumudzi. R200 yake ndipereka ine.

Nabanda (msungichuma): Awiri enawo ndikawapeza Loweruka posesa m'tchalitchi, sabata ino ndi ya mphakati wathu.

Achisale (mlembi): Ndilembe kuti tisadzakanirane. Nsalu 7 za mamembala, R1,400, ifike pofika Lamulungu pa 30, ikapanda kufika tidula pogawana. R400 atolera Nabanda, R200 Agogo, R1,200 mphakati ndi a tcheya. Yakwana R3,200. Chatsala ndi R2,160.

Mai a Tadala: Ine ndikuti imeneyo tiisiye. Nabanda atisungira ndalama zaka zitatu osalandira ngakhale ya data. Ku nsaluko phindu la R1,200 lija sanaike m'thumba, lapita kukwirira chakudya.

Mai a Amina: Yachiwongoladzanja ine sindiilirira. Koma chindapusa chikhalepo, chifukwa mawa wina adzatenga za ulendo wokapemphera ku Ngome n'kunena kuti a tcheya anavomera.

Angozo: Malamulo sakunena za chindapusa cha mlandu wotere, sitinauganizireko. Ndikuti tcheya ndi msungichuma apereke R500 aliyense, ilowe m'thumba la zadzidzidzi la chaka chamawa, chiwongoladzanja chife.

Ambewe: Ayi. Ine R50 yanga ija sinafe. Lamulo likhale limodzi.

Agogo Nankhoma: Mwana wanga, iwe uli ndi R400 ya eni kuyambira Julaye. Tikuwerengere nawenso 10 peresenti?

Achisale (mlembi): Ingakhale R40 pamwezi, miyezi isanu R200.

Ambewe: Nsalu si ngongole ya banki.

Amwale a kwaya: Ndiye mwagwirizana ndi Nabanda tsopano?

Aphiri (tcheya): Basi abale, kwada, mawa ntchito. Nkhani ya R2,160 sitingaimalize pafoni, ndipo ine sindingaweruze mlandu wanga womwe. Lamulungu tivota mokweza manja, njira zitatu, ya Mai a Tadala, ya Angozo ndi ya Ambewe. Ine ndi Nabanda tituluka panja, mpando agwira Agogo. Chomwe muvomereze ndichita. Tsiku logawana silisintha, pa 14, makontilakita asanatseke ndipo anthu asanakwere mabasi.

Amwale a kwaya: Kungokumbutsa, holo Lamulungu ili ndi ana a katekisimu, akuyeserera sewero la Khirisimasi. Tikumana pansi pa mtengo uja wa koimika magalimoto, aliyense abwere ndi chokhalira. A kwaya, Loweruka 3 koloko, nyimbo za Adventi, ndipo kumbukirani kuti Ulemu kwa Mulungu sitiimba mpaka Khirisimasi.

Lachiwiri m'mawa

Achisale (mlembi): Zalowa usiku, R200 katatu, zikomo. Ambewe, yanu ndaiona koma ndi R200, nsalu zinali ziwiri.

Ambewe: Inayo mai akuti inasuluka pochapa koyamba. Tikambirana Lamulungu.

Nabanda (msungichuma): Auzeni abwere nayo. Yanga ndi ya mpukutu womwewo, ndivala.