Mwana wanga waphunzira chemical engineering, koma akuti akufuna zolangiza boma

NaBanda wa ku Luchenza

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi, chisamba changa, akumaliza chemical engineering ku MUST, konkuno ku Thyolo. Zaka zonsezi ndamulipirira ndi ndalama ya nthochi ndi mafirizesi. M'maganizo mwanga ndinkamuona atavala chipewa cholimba chija ndi majombo, akuyendayenda pa fakitale ya shuga kapena ya simenti, mwezi ukatha n'kumathandiza azing'ono ake.

Tsono pa holide yapitayi, tikusenda chinangwa pakhonde, wandiuza kuti mtima wake uli ku science policy. Akuti ndi ntchito yolangiza boma pa malamulo okhudza mankhwala, mpweya, madzi ndi mafakitale. Ine m'makutu mwanga zamveka ngati ndale. Bambo ake anatisiya kalekale, ndilibe wokhala naye pansi pa nkhani ngati iyi. Kodi ntchito imeneyi ilipodi? Sakutaya maphunziro ake mwanayu? Alipo munthu amene anayendapo njira imeneyi n'kufika penapake?

Injiniya wa ku Chirimba

Amayi, choyamba zikomo potilerera injiniya. Si ndale ayi, ngakhale kuti wogwira ntchitoyi amakumana ndi andale kawirikawiri. Ndiloleni ndikuuzeni za munthu mmodzi amene ndimamupatsa ulemu kwambiri, Mario Molina wa ku Mexico.

Anabadwa mu 1943 mumzinda wa Mexico City. Ali mnyamata anasandutsa bafa ina ya kunyumba kwawo kukhala labotale, azakhali ake omwe anali katswiri wa chemistry n'kumamuthandiza. Digiri yake yoyamba, ya mu 1965 pa yunivesite ya UNAM, ndi yomweyi ya mwana wanuyu. Anakapitiriza ku Freiburg ku Germany, kenako ku Berkeley ku America komwe anatenga PhD mu 1972. Chaka chotsatira anayamba kugwira ntchito ndi pulofesa Sherwood Rowland pa yunivesite ya ku Irvine, ku America komweko, ndipo funso lomwe anatola linkaoneka laling'ono: mpweya wa CFC, uja unkathiridwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, ukathawa umakathera kuti?

Pansi pano mpweyawu suyaka, suwola, mvula siyiutsuka. N'chifukwa chake makampani ankaukonda. Molina anapeza kuti umakwera pang'onopang'ono mpaka kumwamba kwenikweni, komwe cheza cha dzuwa chimauswa n'kutulutsa chlorine. Chlorine imeneyo imadya ozone, chophimba chija chimene chimatitchinga ku cheza choyambitsa khansa ya pakhungu, ndipo kachidutswa kamodzi kokha kamatha kuwononga tizidutswa ta ozone pafupifupi 100,000.

Zimenezi zinatuluka m'magazini ya Nature mu Juni 1974, ndipo apa ndi pomwe nkhaniyi ikukhudzira mwana wanu. Molina akanatha kulekera pomwepo, pepala latuluka, dzina lamveka. Koma iye ndi Rowland anavula makoti a mu labotale, anayankhula ndi atolankhani, anakaima pamaso pa aphungu a ku America n'kunena mosapita m'mbali kuti mpweyawu uletsedwe. Makampani opanga CFC analimbana nawo kwa zaka. America inaletsa CFC m'zitini zopopera mu 1978. Mu 1985 asayansi a ku Britain analengeza kuti ozone yaperepeseka koopsa pamwamba pa Antarctica, ndipo mu 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal lochepetsa mpweya wowononga ozone. Kuchokera pa pepala kufika pa pangano panadutsa zaka 13. Mphoto ya Nobel inabwera mu 1995, anagawana ndi Rowland ndi Paul Crutzen. Anakhalaponso m'gulu la alangizi a sayansi a Pulezidenti Clinton ndi Pulezidenti Obama, ndipo kwawo anatsegula bungwe la Centro Mario Molina, lomwe linalimbana kwambiri ndi utsi wa mumzinda wa Mexico City. Anamwalira mu Okutobala 2020.

Tsono za kuno kwathu. Ine ndinagwira zaka 9 pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira ndisanayambe kuitanidwa ku makomiti okonza miyezo. Tsiku lina tinali ndi pepala lokhudza madzi oipa otuluka m'mafakitale. Panali nambala ina yokopera ku dziko lina, yooneka bwino zedi papepala, koma labotale yotha kuiyeza panalibe pafupi. Ndinakweza dzanja, chifukwa madzi amenewo ndinawatungapo ndekha ndi botolo pa ngalande ya kuseri kwa fakitale, fungo lake ndikulidziwa, ndipo ndikudziwa kuti akagona m'botolo osayezedwa amasintha. Tinakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pomaliza tinagwirizana nambala yomwe woyendera mafakitale angathe kuiyeza n'kukaima nayo m'khoti. Tsiku limenelo ndinagwiritsa ntchito maphunziro anga kuposa masiku ambiri a pa fakitale.

Malo alipo: National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, MEPA yoona zachilengedwe, MERA yoona zamafuta ndi magetsi, ngakhalenso Pesticides Control Board pa Bvumbwe pomwepo, pafupi ndi kwanu. Lamulo lija la mu 2015 loletsa majumbo opyapyala limatchula ma micron 60, muyezo wa kuchindikala kwa pulasitiki. Nambala ngati imeneyo pamafunika munthu woidziwa, woti akafunsidwa chifukwa chake ayankhe.

Langizo langa ndi limodzi. Ayambe wagwira kaye pa fakitale zaka ziwiri kapena zitatu, alowe shifiti ya usiku, aone pampu ikufa 2 koloko m'bandakucha. Akadzakhala pa tebulo la malamulo, eni mafakitale sadzamunamiza.

Wokonza mafiriji, Ndirande

Mayi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina la bambo amene achimwene atchulawa lafika mpaka pa benchi yanga. Nditayamba ntchitoyi tinkathira gasi wa R12, mtundu umodzi wa CFC uja, wa m'silinda yoyera. Firiji ikabwera tinkangodula paipi, gasi fyuu m'mwamba, osadziwa kuti tikuwononga chinthu. Kenako R12 anayamba kusowa, ndipo pofika 2010 mayiko ngati lathu anayenera kukhala atasiyiratu. Anabwera R134a wa m'silinda yobiriwira ngati thambo. Anzathu ena ankangothira gasi watsopanoyu m'firiji yakale osasintha mafuta a kompuresa, patapita nthawi pang'ono kompuresa n'kupsa, kasitomala n'kubwera akukalipa. Lero mafiriji ambiri atsopano akubwera ndi R600a, yemwe amayaka, ndiye moto wowotcherera mapaipi suyandikira mwachisawawa. R134a nayenso ali m'njira yochepetsedwa kuchokera pa msonkhano wa ku Kigali wa mu 2016, chifukwa amatenthetsa dziko.

Zonsezi zimagamulidwa patali, ife timangoona silinda yasintha mtundu. Ndingakondwe kuti mwa ogamulawo mukhale mwana wa kuno, wodziwa kuti firiji ya ku Malawi imakonzedwa kasanu isanatayidwe. Muloleni.

Mwana wa mlimi, Kasungu

Ndiwonjezere za fodya. Ndili mwana ndinkaperekeza bambo anga ku nazale. Akasalaza bedi ankaliphimba ndi pepala la pulasitiki, m'mbali n'kukwirira ndi dothi, kenako n'kuboola kachitini ka methyl bromide mkati mwakemo. Ife ana ankatithamangitsira kutali, chifukwa mpweyawo ndi poizoni. Pakapita masiku angapo akavundukula, dothi linali loyera, lopanda mbewu za udzu ndi tinyongolotsi tija timatupitsa mizu. Mankhwala amenewa analowa pa mndandanda wa pangano la Montreal mu 1992 chifukwa nawonso amadya ozone, ndipo Malawi inawasiya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Alangizi a ARET, bungwe lofufuza ndi kulangiza za fodya, ndi omwe anatiphunzitsa kufesa m'mathireyi oyandama pamadzi, othiramo makungwa a paini.

Mbande zake zinali zokongola, mizu yosaduka powokera. Koma ndimakumbukira bambo anga atakhala pa chitsa, akuwerengetsa pa zala mtengo wa mathireyi ndi pulasitiki ya padamu, nkhope itagwa. Kwa esiteti yaikulu zinali zopepuka, kwa mlimi wa ekala imodzi ayi. Mwana wanu akadzalowa ntchitoyi, amayi, mudzamuuze kuti asanasaine pepala loletsa chinthu azikafika kaye pa nazale n'kufunsa kuti cholowa m'malo chikugulidwa ndalama zingati, ndipo chikupezeka pa sitolo iti.

Mlongo wanu ku Area 18

Amayi, ndikugwirizana ndi onsewa, koma mbali inayo muidziwenso. Ine ndili m'ntchito imeneyi. Mipata ndi yochepa, malipiro a m'boma sangapikisane ndi a fakitale yaikulu, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe ndi za mapulojekiti, zaka ziwiri zikatha umayambanso kulemba makalata. Pamafunikanso mtima wautali. Ndinalembapo lipoti miyezi isanu ndi umodzi, linakakhala mu kabati, osawerengedwa. Ndinalira.

Chomwe ndinaphunzira n'chakuti bwana sawerenga masamba 80. Mwanayo ayambe pano kuzolowera kufotokoza nkhani yovuta pa tsamba limodzi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe. Ayesere pa inuyo: mukamva, ndiye kuti nduna imvanso.

Popeza ndi mtsikana, mumuuze afufuze za Lisa Jackson. Anaphunzira chemical engineering pa mayunivesite a Tulane ndi Princeton ku America, anagwira zaka 16 ngati wantchito wamba ku EPA, bungwe loteteza zachilengedwe ku America, ndipo anadzalitsogolera kuyambira 2009 mpaka 2013 asanapite ku kampani ya Apple.

NaBanda wa ku Luchenza

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawerenga kawiri. Nditamaliza ndinakasuntha firiji yanga ya mafirizesi n'kuyang'ana kumbuyo ndi tochi ya foni, pa kapepala palembedwa R134a. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti zilembozo zili ndi nkhani.

Mwanayo akubwera Loweruka kudzatenga ufa. Ndimuuza kuti ndavomera, koma za fakitale zija ayambe wadutsako monga anenera achimwene a ku Chirimba. Ndifunseko achimwene: pa zaka ziwiri zoyambazo, kuli bwino akafunsire ku fakitale ya shuga ku Nchalo, kapena kokonza madzi akumwa? Ku Nchalo kuli malume ake, malo ogona sangavute.