Ndani mwa odwala BP adzafooke mtima? Zokambirana pa gulu la azachipatala ku Ntcheu

CO (clinical officer) wachinyamata: Wawa akuluakulu. Mwezi uno odwala BP awiri abwera miyendo itatupa, akubanika akagona chagada. Onsewa timawaona pafupipafupi koma sitinazindikire kuti mtima ukufooka. Ndapeza pa intaneti chowerengera chotchedwa PREVENT, cha American Heart Association cha 2023. Chimanena chiopsezo cha heart failure (kufooka kwa mtima) pa zaka 10 ndi 30 zikubwerazo. Koma chikufuna eGFR, nambala yoonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, yomwe imawerengedwa kuchokera ku creatinine wa m'magazi, ndipo kuno creatinine sitiyeza. Ndizingolemba 90, nambala ya impso zabwino, kwa aliyense?

Namwino wa kiliniki ya NCD (matenda osapatsirana): Ayi achimwene, osatero. Wa shuga impso zake zikhoza kukhala zitaonongeka kale, inu n'kumulembera 90? Kompyuta idzakuuzani kuti ali bwino, inunso mudzakhulupirira.

CO wachinyamata: Nanga tchati cha WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) chija, chowerengera chiopsezo cha matenda a mtima chosafuna labu?

Namwino wa kiliniki ya NCD: Cha 2019 chija chimangofuna zaka, jenda, fodya, BP ndi BMI (kulemera poyerekeza ndi msinkhu). Ndi chabwino, koma chimaloza sitiroko ndi heart attack, osati kufooka kwa mtima. Chimayambiranso pa zaka 40.

Dokotala wamkulu: A sisitala anena zoona. Ndiwonjezere apa. PREVENT anaipanga ndi ziwerengero za anthu a ku America, kumene ambiri mtima umafooka atakalamba, kawirikawiri mitsempha ya mtima itatsekeka. Kuno nkhani ndi ina. Kafukufuku wa THESUS-HF wa 2012, m'maiko 9 a muno mu Africa kuphatikizapo aneba athu a ku Mozambique, anapeza kuti odwala anali a zaka pafupifupi 52, ndipo choyambitsa chachikulu chinali BP, kenako cardiomyopathy (matenda a mnofu wa mtima) ndi rheumatic heart disease (kuonongeka kwa mavavu a mtima kotsatira zilonda zapakhosi). Mtsikana wa zaka 24 amene ali mwana ankadwala zilonda zapakhosi n'kutupa mfundo, mavavu ake n'kuonongeka, chowerengera chanucho sichimuona n'komwe, chifukwa chimayambira pa zaka 30. Mayi amene wayamba phuma miyezi iwiri atabereka, nayenso mulibemo.

CO wachinyamata: Ndiye tizingodikira atupe, adokotala?

Dokotala wamkulu: Ayi. Tsegulani buku lake la kuchipatala, mubwerere masamba a m'mbuyo. Munthu amene BP yakhala pamwamba pa 140/90 maulendo atatu anayi ali pa mankhwala a BP a HCTZ ndi amlodipine, ameneyo ndiye wanu. Akakhalanso ndi shuga, kapena wonenepa, kapena wa kachasu, mumuike patsogolo. Ndipo muzimvetsera mtima. Ambirife stethoscope timangoikoleka m'khosi ngati mkanda. Murmur (phokoso lachilendo mumtima) mwa wachinyamata ndi wopita ku echo (sikani ya mtima) ameneyo, asadikire.

Mlangizi wa zaumoyo: Ndilowererepo pang'ono. Funso loti "mukumva bwanji" silithandiza, aliyense amati ndili bwino. Ine ndimafunsa kuti thumba la kachewere lija munkatuluka nalo kudimba chaka chatha, pano mukupuma kangati panjira? Kuno n'kumapiri, munthu amadziwa msanga akayamba kulephera chitunda. Ndimafunsanso ngati akugona chokhala.

Namwino wa kiliniki ya NCD: Eya! Ndipo za mchere muzifunsa mochenjera. WHO imati osapitirira magalamu 5 patsiku, kasipuni kamodzi ka tiyi. Mayi wina anandiuza kuti anasiyiratu mchere, koma thelere amathira soda tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti m'menemo mulinso sodium, yemwe uja wa mu mchere.

Wa kufamase: Pempho langa: musayambitse furosemide, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, kwa aliyense wotupa miyendo. Amlodipine nayenso amatupitsa akakolo. Yezaninso Hb (kuchuluka kwa magazi), wochepa magazi amabanika chimodzimodzi.

CO wachinyamata: Za amlodipine sindinaziganizire. Mmodzi mwa awiri aja tinamukweza kufika 10 mg posachedwapa, koma iyeyu akubanikanso, ndiye ndimutumizabe. Mawa ndidutsa m'kaundula ndi cholembera chofiira: BP yosatsika, shuga, murmur, ndi amayi obereka kumene amene akudandaula phuma. Creatinine ndipempha kuboma kwa a chizindikiro chofiira okha.

Dokotala wamkulu: Zotsatira zikabwera ndiye muike mu PREVENT, koma nambala yake muitenge ngati chongoyerekeza. A rheumatic omwe muli nawo kale, onaninso ngati akubayitsa benzathine penicillin, jakisoni woteteza kuti matendawo asabwererenso, milungu inayi iliyonse. Mndandandawo mutumize Lachisanu, osalemba maina pagulu pano.