Kodi galimoto ya ku America inapambanapo mu Formula 1?

Bambo wa Awiri:
Akuluakulu, ndithandizeni. Lamlungu tinatsutsana ndi mwana wanga tikuonera mpikisano wa magalimoto wa Formula 1. Iye akuti Haas, yomwe inalowa mu 2016, ndiye timu yoyamba ya ku America. Koma ine ndikukumbukira chithunzi chakale cha galimoto yabuluu, yowonda ngati ndudu, kutsogolo kwake kosongoka ngati mlomo wa mbalame. Dzina landithawa. Inali ya yani, nanga inapambanapo?

Makaniko Wopuma:
Achimwene, mnyamatayo muuzeni akhale pansi amve. Imeneyo ndi Eagle, kunena kuti chiwombankhanga, ndipo mlomowo anaupanga dala. Mwini wake anali Dan Gurney, dalaivala wa ku America yemwe anayambitsa All American Racers ku Santa Ana, California, pamodzi ndi Carroll Shelby, ndalama zikuchokera ku kampani ya matayala ya Goodyear. Ine chithunzi chake chinakhala pakhoma la galaja yanga zaka zambiri mpaka chinada ndi utsi.

Inayamba kuthamanga mu 1966 ndi injini yakale ya Coventry Climax ya masilinda anayi, yomwe mphamvu inali yoperewera. Kenaka inabwera ya Weslake ya masilinda 12, malita atatu. Tsiku lake linali 18 June 1967 ku Spa, m'dziko la Belgium, pamsewu wa makilomita 14 wodutsa m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyumba za anthu. Jim Clark wa Lotus ndiye ankatsogola, koma anakaima chifukwa cha vuto la pulagi. Jackie Stewart wa BRM anatenga malo, giya nayo n'kuyamba kumuvuta, moti ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chogwirira giya kuti isatuluke. Gurney anamupitirira n'kupambana, galimoto nambala 36. Sabata imodzi yokha m'mbuyomo n'kuti atapambananso mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, France, pa galimoto ya Ford ndi A.J. Foyt.

Chimene chimandizizira m'thupi n'chakuti galimoto ya tsikulo, pofuna kuti ipepuke, anaipanga ndi magnesium ndi titanium. Amene munawotchererapo mukudziwa: magnesium ikagwira moto, kuthirapo madzi n'kuwonjezera vuto. Tsono munthu n'kukhala m'katimo, matanki a petulo mbali zonse ziwiri, liwiro la mpikisano wonse kupitirira makilomita 230 pa ola. Mtima umenewo ine ndilibe.

Wa ku Hastings:
Madala, nkhani mwaikamba bwino, koma mwabisa pang'ono. Ine ndimakhala kufupi ndi Rye kuno ku England, ndipo timu ya Formula 1 ya Gurney inkagwirira ntchito komweko, pafupi ndi fakitale ya Weslake. Nayenso Len Terry amene anajambula galimotoyo anali Mngelezi wochokera ku Lotus. Mpaka dzina la timu ku Ulaya linkalembedwa kuti Anglo American Racers. Ndiye Chimereka chake chili pati?

Makaniko Wopuma:
Simunaname, achimwene. Koma thupi la galimoto linamangidwa ku Santa Ana, mwini ndi dalaivala anali munthu mmodzi, ndalama za kwawo. Haas yomwe akuitama mwanayu injini imagula kwa Ferrari, thupi amaipangira a Dallara ku Italy. Tikayamba kufunsa mtundu wa bawuti iliyonse sitimaliza.

Ndipotu mbali ya ku England ndi yomwe inamuliza Gurney. Injini ya Weslake mphamvu inali nayo, koma inkafa kawirikawiri, ndipo sipeya ya injini imodzi sinkalowa bwino pa inzake. Makaniko aliyense akudziwa mutu wake wa zimenezo. Tsoka linanso linamugwera ku Germany mu 1967 momwemo: akutsogola pa Nürburgring, kutatsala kuzungulira kawiri kokha, shafti inathyoka. Pofika 1968 thumba linali litabooka, ndipo Gurney anamaliza chakacho akuyendetsa galimoto ya McLaren.

Mlongo Wanu:
Musaiwale Penske, timu inanso ya ku America. Inapambana ku Austria mu 1976, woyendetsa John Watson wa ku Northern Ireland, koma galimotoyo inamangidwa ku Poole, England. Watson anameta ndevu atapambana chifukwa anali atalonjeza bwana wake Roger Penske.

Bambo wa Awiri:
Zikomo nonse. Ndamuonetsa mnyamata uja, wangoti duu, kenaka akuti kupambana kamodzi sikuwerengedwa. Ndamufunsa kuti Haas yapambana kangati, wadzuka akuti akukamwa madzi.