Ana a Fomu 4 akusimba moyo wa Chilembwe m'malo moyankha funso

A Mbewe:
Aphunzitsi anzanga a History, ndithandizeni nzeru. Funso linali lakuti "Explain the causes of the Chilembwe uprising". Ana ambiri ayambira pa kukumana kwa Chilembwe ndi mmishonale Joseph Booth, ulendo wa ku America mu 1897, kubwerako mu 1900 n'kudzatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe. Tsamba ladzaza, zonse ndi zoona, koma chimene chinadzetsa kuukirako sanatchule n'chimodzi chomwe. Manotsi aloweza bwinobwino. M'kalasi muli ana 80, mabuku ndi ochepa, ndipo kwatsala masabata 10 kuti MSCE iyambe. Ndigwire pati?

Mayi Nyirenda:
A Mbewe, anawo sanaiwale kanthu. Akutsata mmene manotsi anayalidwira. Manotsi akayambira pa kubadwa n'kuthera pa imfa, yankho lidzayendanso njira yomweyo. Aphwasuleni manotsiwo. Pa bolodi dulani magawo atatu: chinkachitika n'chiyani, chinkapweteka yani, ndipo chinamufikitsa bwanji Chilembwe pogwira zida.

Yambani ndi thangata. Gawo loyamba: anthu okhala pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero ankagwira ntchito m'malo mwa lendi ndi msonkho wa nyumba, ndipo masiku ake ankangowonjezeredwa. Lachiwiri: ovutika kwambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe malo awoawo oti n'kuthawirako. Lachitatu: ambiri ankapemphera ku PIM, madandaulo awo ankathera kwa Chilembwe, ndipo William Jervis Livingstone, woyang'anira mindayo, ankawotcha matchalitchi awo. Malikisi ali pa gawo lachitatuli. Mwana akaima pa loyamba wangotchula, sanafotokoze.

A Chirwa:
Ndionjezere pa zimene anena madamu. Gawo lachitatulo ana ambiri amalidziwa, koma chizungu chimawamanga. Musayambe ndi kulemba. Mwana aime anene mfundo m'Chichewa, inu mungofunsa kuti "ndiye zinatani?" Akati kunali njala mu 1912 ndi 1913, ndiye zinatani? Anthu ambiri anakhamukira ku minda ya azungu. Ndiye zinatani? Eni minda anapeza antchito osowa pogwira, nkhanza zinakula. Akafika pa Chilembwe, pamenepo ndi pamene atembenuzire m'chizungu. Ndime iliyonse ikhale ndi "because" kapena "as a result". Ndime yodzaza "then" ndi "after that" ikusimba nthano.

A Kamanga:
Zonsezo n'zabwino akuluakulu, koma masabata 10 ndi ochepa, ndipo Chilembwe si mutu wokhawo. Kuli chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuli pangano la Versailles, kuli bungwe la League of Nations. Ine ndingati a Mbewe alembe okha yankho labwino pa mutu uliwonse, ana akope, aloweze.

Mayi Nyirenda:
Apo ndikana, a Kamanga. Yankho loloweza limagwira funso limodzi lokha. Likabwera lakuti kuukirako kunalephereranji, mwana wathu adzakhuthula thangata ndi msonkho masamba awiri n'kutuluka chimanjamanja. Funso limenelo likufuna zina: gulu lopita ku Mandala ku Blantyre linangotenga mfuti zochepa, gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu silinapite patali, mafumu ambiri sanalowemo, ndipo boma linalanda Mbombwe pasanathe sabata. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915 akulowera cha ku malire a Mozambique. Yankho lachitsanzo lilembeni ndithu, koma limodzi, ndipo ana alisanthule: apa pali mfundo, apa umboni, apa kulumikiza ndi funso.

A Kamanga:
Ndamva, koma nanga kuchonga? Mayankho athunthu 80 sabata iliyonse munthu sangakwanitse, ali ndi makalasi enanso.

A Chirwa:
Musalembetse yankho lathunthu. Ndime imodzi basi, mizere 6 kapena 7. Piriyodi ya mphindi 40 igaweni motere. Mphindi 5 zoyamba lembani funso, ana adule mzere pansi pa liwu lolamula ndi pa mutu wake. Mphindi 10 mfundo zinenedwe pakamwa. Mphindi 15 aliyense alembe ndime yake, manotsi atatseka. Mphindi 10 zotsalazo asinthane makope, mnzake aike zizindikiro zitatu m'mbali: M pa mfundo, U pa umboni, L pa kulumikiza. Inu mutenge makope 20 okha, magulu azisinthana, ndiye pa maphunziro anayi mwaona mwana aliyense. Ndime imodzi imachongeka pa mphindi ziwiri, makope 20 ndi mphindi 40.

Chimene chimasokonekera n'chakuti ana amakomerana mtima, amapatsana L pamene palibe. Auzeni azungulize liwu lenileni lolumikizalo. Ngati palibe chozunguliza, L palibe.

Mayi Gondwe:
Pochonga muyang'anenso zolakwa ziwiri zimene zimabwera chaka ndi chaka. Ana amalemba kuti kuukira kunayamba pa 15 January chifukwa ndi tsiku la tchuthi cha Chilembwe. Kunayamba usiku wa pa 23 January 1915. Chachiwiri, amalemba kuti amene anaphedwa ku Magomero anali David Livingstone m'malo mwa William Jervis Livingstone, pamene David anamwalira mu 1873. Lembani maina awiriwo pa bolodi, zaka zake pambali.

Ndipo muwasiyanitsire zifukwa zakale ndi chimene chinayatsa moto. Thangata ndi kulandidwa kwa malo zinalipo zaka zambiri popanda kuukira. Funsani kalasi kuti, bwanji 1915, osati 1910? Yankho ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ku Karonga kunamenyedwa nkhondo mu September 1914, asilikali achikuda anafa, ndipo mu November Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosawakhudza. Mwana amene wayala zimenezi motero wayankha ngati wophunzira mbiri.

A Mbewe:
Zikomo nonse. Lolemba ndiyamba ndi ndime ya thangata. Koma magawo atatuwa agwiranso pa mitu ya ku Ulaya?

Mayi Nyirenda:
Agwira, mungosintha funso la gawo lachitatu. Pa Versailles: chinagwirizanidwa n'chiyani mu 1919, chinapweteka yani, chinathandiza bwanji Hitler kupeza otsatira. Asilikali a Germany anachepetsedwa kufika 100,000, ndi gawo loyamba limenelo, ana apitirize okha. Pa chitaganya cha 1953 mpaka 1963 gawo lachitatu likhale lakuti chinalimbitsa bwanji Nyasaland African Congress. Mitu iwiri pa sabata kwa masabata 7, masabata atatu omalizawo ana alembe mayankho athunthu wotchi ili patebulo.