Thandizeni pa nkhani ya biceps ndi triceps

Moni nonse muno. Ndili Fomu 4 ku Dedza, ndikukonzekera MSCE, ndipo mutu wa minofu ndi mafupa wandiimitsa mutu.

Ndikudziwa kuti mnofu umangokoka fupa, sukankha. Biceps, mnofu wa kutsogolo kwa mkono, ikakoka fupa la radius, mkono umapindika pachigongono. Triceps, mnofu wa kumbuyo kwa mkono, ikakoka fupa la ulna, umawongoka. Koma dzulo, ndikutsitsa pang'onopang'ono ndowa yodzaza madzi, mkono ukuwongoka, biceps ndiyo inali gwa, triceps ili yofewa. Ndabwereza kangapo, n'chimodzimodzi.

Ndawerenganso notsi, ndafunsa anzanga, pa intaneti ndafufuza mpaka bandulo kutha, koma paliponse angojambula mkono wopanda katundu.

Aphunzitsi a Biology muli muno, chonde: potsitsa katundu wolemera, ndi mnofu uti umagwira ntchito, ndipo n'chifukwa chiyani?